Kodi Ndiyambe PhD ya Biomedical Sciences Kuno ku Lusaka, Kapena Ndidikire Mwayi wa Kunja?

FUNSO: "Ndine mayi wa zaka 34, ndimakhala ku Chilenje ndipo ndimagwira ntchito mu labotale ya chipatala china cha boma muno mu Lusaka, ku gawo loyeza mabakiteriya. Digiri yoyamba ya Biomedical Sciences ndinaitenga ku yunivesite ya Zambia (UNZA), ndipo masters ya Medical Microbiology ndinamaliza zaka ziwiri zapitazo. Mtima wanga uli pa PhD, chifukwa pa benchi ndikuona tsiku ndi tsiku kuti mankhwala amene tinkadalira sakuphanso tizilombo. Koma ndili ndi ana awiri aang'ono, ndipo malipiro anga ndiwo amathandiza kulipira lendi. Anzanga akundiuza zosiyanasiyana: ena akuti PhD ya kuno imatha zaka 7, ena akuti ndisiye ntchito ndipite kunja. Kodi ndachedwa? Nanga ndiyambire pati?"

YANKHO: Amayi, choyamba ndikukhazikeni mtima pansi pa nkhani ya zaka, chifukwa simunachedwe ngakhale pang'ono. Ambiri mwa ophunzira a PhD amene ndawayang'anira kapena kuwayesa muno m'Zambia anayamba ali ndi zaka za m'ma 30, ena atapitirira 40, ndipo amene anagwirapo ntchito mu labotale ya chipatala ndiwo sativutitsa, pakuti amadziwa kale kugwira pipette, kulemba zotsatira m'buku tsiku lomwelo, ndi kukayikira makina akatulutsa yankho losamveka. Malire a zaka amapezeka pa mathandizo ena a ndalama, osati pa digiri yeniyeniyo, choncho mukaona chilengezo cha scholarship muziyamba mwayang'ana mzere umenewo musanataye sabata yathunthu kudzaza mafomu.

Funso limene anzanu akukanganirana, lakuti kuno kapena kunja, ine ndimaliika pambuyo, chifukwa dzina la yunivesite si limene limalamula ngati munthu adzamaliza. Chimene chimalamula ndi funso la kafukufuku, munthu amene adzakuyang'anirani, ndi ndalama zogulira zinthu za mu labotale. Zimenezi zikakhalapo, digiri imatheka ku Ridgeway, nthambi ya UNZA muno mu Lusaka, monga momwe imathekera ku Cape Town kapena ku Liverpool. Chimodzi chikasowa, ngakhale mutalembetsa pa sukulu yotchuka chotani, mudzangotsala ndi nambala ya wophunzira ndi ngongole ya fizi.

Mudziwenso kuti PhD si masters yotalikirapo. Pa masters munali ndi makalasi, mayeso ndi nthawi yoikika, ndipo kafukufuku anabwera kumapeto monga gawo limodzi chabe. Pa PhD ya mtundu umene timachita kuno, ku South Africa ndi ku Britain, makalasi ndi ochepa kwambiri kapena kulibiretu, ndipo palibe amene adzakuuzeni Lolemba m'mawa choti muchite. Oyesa adzafuna kuona kuti mwapeza chinthu chimene sichinkadziwika, kuti mwachipeza m'njira imene wina angaibwereze, ndi kuti mungathe kuchiteteza pakamwa pamaso pa akatswiri ochokera kunja kwa dipatimenti yanu. Mayunivesite ambiri masiku ano amafunanso kuti mbali ina ya ntchitoyo ikhale itasindikizidwa m'magazini a sayansi musanavale gauni.

Mwanena kuti mankhwala sakuphanso tizilombo, ndipo pamenepa mwagwira nkhani yaikulu. Kafukufuku wapadziko lonse amene anatuluka mu 2022 anawerengera kuti mu 2019 mokha anthu pafupifupi 1.27 miliyoni anafa chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, imfa zinali zambiri kwambiri kuno kumwera kwa Sahara. Dziko lathu lilinso ndi ndondomeko yake yolimbana ndi vutoli, imene inayamba mu 2017. Koma kusamva mankhwala ndi mutu chabe wa nkhani, sikunafike pokhala funso. Kuwerenga kuti mwa tizilombo 200 ndi tingati tosamva mankhwala a ceftriaxone ndi ntchito yothandiza, komabe ndi ntchito ya masters, ndipo mukaibweretsa monga proposal ya PhD komiti idzakubwezani mwaulemu.

Nditenge chitsanzo cha pa benchi yanu yomweyo. Kafukufuku amene anachitika ku chipatala chachikulu cha UTH muno mu Lusaka anaonetsa kuti mwa makanda ongobadwa kumene amene tizilombo talowa m'magazi awo, bakiteriya wotchedwa Klebsiella ndiye amapezeka kwambiri, ndipo kawirikawiri samva mankhwala oyamba amene madokotala amapereka. Tikudziwa kuti bakiteriya ameneyu amapanga ma enzyme otchedwa ESBL, amene amaphwanya mankhwala a gulu la penicillin ndi cephalosporin, ndipo majini ake, monga CTX-M-15, nthawi zambiri amakhala pa plasmid, kachidutswa ka DNA kamene bakiteriya mmodzi amatha kupatsira mnzake ngakhale wa mtundu wina. Funso la PhD tsono likhala lakuti: kodi mabakiteriya amene akupezeka mwa makanda a mu wodi imodzi ndi ochokera kwa kholo limodzi, kutanthauza kuti akuyenda kudzera m'manja, m'masinki ndi pa zipangizo, kapena ndi mitundu yosiyanasiyana imene ikubwera ndi amayi kuchokera kumakomo? Ngati yankho ndi loyamba, chipatala chiyenera kukonza ukhondo wa mu wodi. Ngati ndi lachiwiri, vuto lili m'madera momwe anthu amagula maantibayotiki popanda kalata ya dokotala, m'madzi akumwa, ngakhalenso m'makhola a nkhuku. Mayankho awiriwa simungawasiyanitse ndi kuyeza wamba kwa mankhwala pa plate (disk diffusion) kokha, pafunika kuwerenga DNA yonse ya bakiteriyayo. Mukuona kuti funso likakhwima limakuuzani lokha zipangizo zimene mukufuna, mtengo wake, ndi mtundu wa munthu amene angakuphunzitseni.

Munthu ameneyo, supervisor, ndiye chisankho chachikulu koposa pa ulendo wonsewu, ndipo ndimadabwa kuti anthu amafufuza mwakhama mbiri ya galimoto asanaigule koma amavomera supervisor chifukwa chongomva kuti ndi pulofesa. Lembani dzina lake pa PubMed kapena pa Google Scholar, masamba a pa intaneti osakira mapepala a sayansi, muone zimene wasindikiza m'zaka zisanu zapitazi. Onani ngati zikukhudza funso lanu, ndiponso ngati mayina a ophunzira ake amakhala oyamba pa mapepalawo kapena amangobisala pakati. Kenako fufuzani ophunzira ake akale awiri kapena atatu, makamaka amene sanamalize, muwafunse mwakachetechete kuti mutu umodzi wa thesis unkakhala nthawi yaitali bwanji pa tebulo lake usanabwerere. Yankho limeneli lokha lidzakuuzani zambiri kuposa chilichonse cholembedwa pa chitseko cha ofesi yake. Pulofesa wotchuka amene sabata iliyonse ali pa bwalo la ndege atha kukutsegulirani zitseko, koma sadzakhala nanu PCR, njira yochulukitsira DNA, ikakana kutuluka kachisanu. N'chifukwa chake ndimalangiza kukhala ndi awiri, wamkulu wodziwa kupeza ndalama ndi wocheperapo amene adakalowabe mu labotale. Musanayambe, mugwirizane polemba kuti muzikumana kangati pa mwezi, kuti dzina la ndani lidzakhala loyamba pa mapepala, ndi kuti deta ndi ma sample ndi za ndani. Kukambirana zimenezi ndi munthu wamkulu kumachititsa manyazi, ndikudziwa, koma ndi bwino kuchita manyazi mwezi woyamba kusiyana ndi kukangana chaka chachinayi.

Tsopano ndalama. Ambiri akamaganiza za mtengo wa PhD amawerengera fizi ndi chakudya cha pakhomo, n'kuiwala thumba lachitatu limene pa sayansi yathuyi ndilo lalikulu. Wophunzira wa mbiri yakale amatha kulemba thesis ndi laibulale ndi laputopu, pamene inu mukufuna ma kit otulutsira DNA, ma primer, ma enzyme, ma plate, ma tip, ndi ndalama za sequencing, kutanthauza kuwerenga DNA. Pafupifupi zonsezi zimachokera kunja, mitengo yake imatsatira dola, ndipo bajeti yolembedwa m'makwacha chaka chino ikhoza kugula theka la katunduyo pofika chaka chamawa. Zina zimafunika kuyenda zili zozizira kuchokera ku Johannesburg kapena ku Ulaya, ndipo zikachedwa pa bwalo la ndege dry ice yoziziritsa katunduyo n'kutha, ndalama zapita. Si zachilendo kudikira katundu miyezi itatu. Kulembetsa PhD ya mu labotale muli ndi fizi yokha kuli ngati nyumba zija timaziona m'mbali mwa msewu wopita ku Chongwe, zimene zinafika pa mawindo n'kuima, udzu n'kumera m'kati chifukwa ya malata panalibe. Choncho musanalipire ngakhale ngwee imodzi, funsani supervisor funso ili mosapita m'mbali: ndalama za ma reagent, zinthu za mu labotale zija, zichokera pa pulojekiti iti, ndipo pulojekitiyo ikutha liti?

Mufunsenso za magetsi. Chilala cha 2024 chitachepetsa madzi ku Kariba, magetsi ankazima maola ambiri tsiku lililonse, ndipo firiji ya -80°C yosungira ma sample ikangotentha kamodzi, ma sample amene munatolera kwa zaka ziwiri akhoza kuwonongeka usiku umodzi. Mukapita kukaona labotale, musangosirira makina onyezimira. Funsani ngati pali jenereta kapena sola, amene amagula dizilo ndani, ndi amene amadzutsidwa ndani firiji ikalira pakati pa usiku. Ndipo kulikonse kumene mudzagwirire ntchito, bakiteriya aliyense muzimusunga m'timabotolo tiwiri, m'mafiriji awiri a m'nyumba zosiyana.

Musamve ngati ndikukuopsezani za kuno kwathu, chifukwa Lusaka ya lero si ya zaka 20 zapitazo. Ku Ridgeway kuli dipatimenti ya Biomedical Sciences mu School of Health Sciences, moyandikana ndi UTH kumene odwala ndi ma sample ali. Ku Great East Road, sukulu ya madokotala a ziweto ili ndi labotale ya BSL-3, yotetezeka mokwanira kugwiriramo tizilombo toopsa, chifukwa cha ubale wake wakale ndi Hokkaido University ya ku Japan, ndipo kumeneko n'kumenenso kuli ACEIDHA, likulu la kafukufuku wa matenda opatsirana a anthu ndi ziweto limene linathandizidwa ndi World Bank. Mtundu wa Beta wa kachilombo ka korona unadziwika kuti walowa m'Zambia kuchokera pa ma sample a December 2020 amene anawerengedwa konkuno ndi ana a dziko lino. Palinso CIDRZ, bungwe lofufuza za matenda opatsirana limene linayamba mu 2001, Zambart imene imadziwika ndi kafukufuku wa TB ndi HIV, bungwe la boma loona za umoyo wa anthu la ZNPHI, malo ofufuzira matenda a ku Ndola amene anakhazikitsidwa mu 1975 ndi dzina la TDRC, ndi Macha Research Trust kufupi ndi Choma kwa okonda za malungo. Mabungwe amenewa sapereka digiri okha, koma amakhala ndi mapulojekiti okhala ndi ndalama, ndipo wophunzira amatha kulembetsa pa yunivesite n'kumachita ntchito yake m'kati mwa pulojekiti yotere. Mwa ophunzira amene ndawaona akumaliza pa nthawi yake kuno, ambiri anadzera njira imeneyi. Ubwino wina wa kuno ndi wakuti matenda ali pakhomo pomwe. Kolera ya 2023 mpaka 2024 inadwalitsa anthu oposa 20,000 ndipo inasandutsa Heroes Stadium kukhala chipatala. Ofufuza a ku Ulaya amavutikira zaka kuti apeze ma sample amene inu mumawaona Lachiwiri lililonse.

Kupita kunja kotheratu kuli ndi ubwino wake umene sindingaubise. Katundu woitanitsa lero amafika mawa, anzanu ofufuza amakhala ambiri, ndipo mumalandira kangachepe pamwezi kuti musaganizire china koma ntchito. Ku Britain PhD imatenga zaka zitatu kapena zinayi, ku America zisanu kapena zisanu ndi chimodzi chifukwa amayamba ndi makalasi, ndipo ku South Africa, kumene kuli mayunivesite olimba pa za TB, HIV ndi majini monga Stellenbosch, Cape Town ndi Wits, kawirikawiri zitatu kapena zinayi. Kwa mayi wa ana awiri vuto limakhala pa banja. Kuyambira January 2024 Britain inaletsa ophunzira ambiri a masters kutenga mabanja awo, ndipo ngakhale a PhD akuloledwabe, ndalama ya wophunzira mmodzi sikwanira lendi ndi osamalira ana kumeneko. Vuto lachiwiri ndi limene anthu saliona msanga: mutha kuthera zaka zinayi pa funso la mwini labotale, pogwiritsa ntchito makina amene kuno kulibe, n'kubwerera ndi luso limene simungaligwiritse ntchito. Ngati mwasankha kunja, fufuzani ku ZAQA, bungwe lovomereza mapepala a maphunziro m'Zambia, kuti digiri ya sukuluyo idzavomerezedwa kuno. Ndipo aliyense wokutsatsani PhD ya sayansi ya mu labotale yochitira pa intaneti pokha m'miyezi 18, musamuyankhe n'komwe.

Kwa inu, malinga ndi zimene mwalemba, ine ndingasankhe njira yapakati imene ambiri amaitcha sandwich. Mumalembetsa kuno, mumatolera ma sample ndi kuchita ntchito yoyamba kuno, kenako mumapita miyezi ingapo ku labotale ya kunja kukachita mbali yofuna zipangizo zodula ndi kukaphunzira kusanthula deta. Ana amakhala pa sukulu yawo yomweyo, funso limakhala lathu, ndipo mumabwerera ndi abwenzi a sayansi amene mudzalembe nawo mapulojekiti m'tsogolo. Commonwealth ili ndi scholarship ya split-site imene imalipira miyezi 12 ku Britain kwa munthu wolembetsa kwawo. OWSD, bungwe la amayi asayansi a m'mayiko osauka, lakhala likuthandiza amayi asayansi a m'mayiko ngati lathu kukaphunzira m'mayiko ena akumwera, kuphatikizapo mwa njira ya sandwich yomweyi. Yang'aniraninso zilengezo za DAAD ya ku Germany, EDCTP (mgwirizano wa Ulaya ndi Africa pa kafukufuku wa zaumoyo), mapulogalamu ophunzitsa ofufuza a DELTAS Africa monga SANTHE, ndi mgwirizano wa UNZA ndi Vanderbilt University. Kungoti kuyambira 2025, pamene boma la America linadula kwambiri thandizo lake kunja, mapulojekiti ambiri a zaumoyo anagwedezeka, choncho musadalire khomo limodzi. Kukanidwa kawiri kapena katatu n'kozolowereka, ndipo sikutanthauza kuti funso lanu ndi loipa.

Za ntchito, yankho langa ndi lachidule: musasiye. Pitani ku ofesi yoona za ogwira ntchito mukafunse ndondomeko ya tchuthi cha maphunziro, ndipo muyambe msanga chifukwa dzina lanu liyenera kulowa m'mapulani a maphunziro a malo anu a ntchito mapepala asanakwere kumtunda. Tchuthi cholipidwa chimabwera ndi mgwirizano wakuti mukamaliza mudzagwirabe ntchito m'boma kwa nthawi yakutiyakuti. Muuwerenge bwino, ndipo pomwe simukumva funsani a union kapena loya musanasaine. Chiphaso chanu cha HPCZ, bungwe loyang'anira ogwira ntchito zaumoyo, muzichikonzetsabe chaka ndi chaka ngakhale muli pa sukulu.

Nanga zaka 7 zimene anzanu akunena zimachokera kuti? Si bodza, zimachitikadi, koma kawirikawiri zifukwa zake zimadziwika. Nthawi zambiri ndi munthu amene akuyesa kuchita PhD madzulo ndi Loweruka akugwirabe ntchito tsiku lonse. Mabakiteriya sadziwa za shifiti yanu, plate yoikidwa lero iyenera kuwerengedwa pakatha maola 18 mpaka 24, ndipo wofufuza TB amadikira kuti tizilombo timere (culture) mpaka milungu 6. Mukaphonya tsiku, mumayambiranso. Ena ndalama zimawathera pakati, ena mitu ya thesis imagona kwa supervisor, ndipo ena amadikira miyezi yambiri oyesa akunja asanabweze malipoti. Ngati simungapeze tchuthi chonse, pemphani masiku awiri kapena atatu pa sabata olembedwa pa kalata, osati ongolonjezedwa pakamwa ndi bwana amene mawa akhoza kusamutsidwa.

Pali chinthu chimodzi chimene chimagwetsa makamaka anthu a ntchito ngati yanu, ndipo ndikufuna muchimve bwino. Ma sample amene amadutsa m'manja mwanu ku chipatala si anu, ngakhale ndinu amene munawalandira ndi kuwayeza. Anaperekedwa kuti wodwala athandizidwe, osati kuti alowe mu thesis. Musayambe kusunga mabakiteriya pambali "kuti adzathandize pa PhD" musanalandire chilolezo. Lamulo la kafukufuku wa zaumoyo la 2013 limafuna kuti proposal idutse ku komiti yoona za ufulu wa otenga nawo mbali, monga UNZABREC, kenako ku National Health Research Authority, ndipo mufunikanso kalata ya akuluakulu a chipatala. Ngati ma sample kapena DNA adzatuluka m'dziko, pafunika mgwirizano wa Material Transfer Agreement wovomerezedwa ndi bungwe lomwelo, ndipo popanda pepala limeneli katundu wanu sayenera kukwera ndege. Zonsezi zimatha miyezi, choncho muziike m'ndondomeko yanu ya chaka choyamba. Deta yotoleredwa popanda chilolezo magazini abwino saisindikiza, ndipo ikhoza kukutayitsani digiri ndi ntchito yomwe.

Pamene mukudikira, pali zoti muchite zosafuna chilolezo cha munthu. Chachikulu ndi kusindikiza kafukufuku wanu wa masters ngati simunatero, chifukwa pepala limodzi lokhala ndi dzina lanu poyamba limalankhula kwambiri kwa opereka scholarship kuposa makalata atatu okuyamikirani. Samalani ndi magazini achinyengo amene amatumiza imelo yokutamandani n'kulonjeza kusindikiza m'sabata imodzi mukalipira. Yang'anani ngati magaziniwo amapezeka pa PubMed kapena pa DOAJ, mndandanda wa magazini odalirika owerengedwa mwaulere. Chachiwiri ndi masamu a kafukufuku ndi kompyuta. Makina ang'onoang'ono a Oxford Nanopore achititsa kuti kuwerenga DNA kutheke m'malo ambiri, moti masiku ano chotsekereza sichikhalanso kutulutsa deta koma kuimasulira. Yambani kuphunzira R, pulogalamu ya masamu a kafukufuku, ndi zoyambira za bioinformatics, kusanthula deta ya DNA pa kompyuta, tsopano, ola limodzi pa tsiku ana akagona, pakuti maphunziro aulere alipo ambiri pa intaneti. Muzolowerenso kuwerenga mapepala awiri pa sabata ndi kuwasunga mu pulogalamu ya Zotero pamodzi ndi ndemanga zanu.

Za mtsogolo ndinene zoona zokhazokha. PhD sikweza malipiro yokha mu labotale ya chipatala, chifukwa mipando imatsatira dongosolo la ntchito za boma. Imene imatsegula ndi njira ya uphunzitsi pa yunivesite, kutsogolera kafukufuku, ndi maudindo m'mabungwe a zaumoyo, ndipo ngakhale kumeneko chimene chimasunga munthu ndi luso lolemba mapulojekiti opeza ndalama. Ngati cholinga chanu chenicheni ndi kukwezedwa pa ntchito, mwina maphunziro aafupi a kayendetsedwe ka labotale angakufikitseni msanga. Koma kalata yanu ikumveka ngati ya munthu amene funso likumuvutitsa, ndipo otere ndiwo amapirira. Achibale okha muwachenjezeretu kuti udokotala umenewu si wolemba mankhwala, apo ayi foni yanu sidzapuma.

Kunyumba mukhale pansi ndi abambo a ana musanatumize fomu iliyonse, mukambirane zenizeni: adzatenga ana kusukulu ndani masiku amene muli mu labotale mpaka usiku, ndalama zidzachepa motani, ndipo miyezi imene mudzakhale kunja adzathandiza ndani. Achibale ndi a kumpingo adziwenso kuti kwa zaka zingapo simudzapezeka pa zochitika zonse. Mukadzakhala oyembekezera m'kati mwa maphunziro, uzani woyang'anira chitetezo cha mu labotale msanga, chifukwa pali mankhwala ndi tizilombo timene simuyenera kugwira, ndipo yunivesite imalola kuimitsa kaye maphunziro mwalamulo m'malo mongosowa.

Pali nthawi zimene simuyenera kupirira nokha. Supervisor akakhala miyezi iwiri kapena itatu osayankha ntchito imene munamupatsa, mukumbutseni polemba, ndipo zikapanda kusintha pitani kwa woyang'anira maphunziro a postgraduate pa sukulu yanu muli ndi masiku onse olembedwa. Kusintha supervisor n'kololedwa. Wina akafuna kuchotsa dzina lanu pa ntchito yanu, akakukakamizani kusintha manambala kuti zotsatira zikome, kapena akayamba kukufunsirani pogwiritsa ntchito udindo wake, sungani mauthenga onse n'kukanena ku ofesi yoyenera, osadikira kuti mumalize kaye. Ndipo mukaona kuti kwa milungu yoposa iwiri tulo tasowa, chakudya sichikulowa, mukulira popanda chifukwa kapena mukuona ngati moyo ulibe phindu, kaonaneni ndi dokotala kapena mlangizi. Zimenezi zimagwira ophunzira ambiri a PhD, ndipo zimachizika.

Poyambira penipeni ndi pepala la masamba awiri. Lembani vuto monga mukuliona pa benchi, zimene zikudziwika kale, chimene sichikudziwika, mafunso atatu amene mukufuna kuyankha, kumene ma sample adzachokere, ndi njira zimene mudzagwiritse ntchito. Mulipereke kwa mnzanu wosaopa kukudzudzulani, mulikonze, kenako musankhe akatswiri atatu kapena anayi amene ntchito yawo mwaiwerengadi. Aliyense mumulembere imelo yake yaifupi, yotchula pepala lake limodzi ndi mmene funso lanu likugwirizanirana nalo, n'kuphatikizapo CV ndi masamba awiri aja. Imelo yongoti mukufuna PhD pa mutu uliwonse umene pulofesa angakupatseni kawirikawiri siyankhidwa. Pakadutsa milungu iwiri popanda yankho lembaninso kamodzi, ndipo akakhalanso chete, pitani kwa wotsatira pa mndandanda wanu.